Thalauza la Pansi pa Sutikesi

Lolemba

Matikiti afika! Atatu. Esinati, mng'ono wanga wa ku Joni uja, wawatumiza pafoni ndili ku ofesi, ndipo ndakuwa mpaka abwana asuzumira pakhomo. Ndawauza kuti ndaona mphemvu.

Tinyamuka Lolemba likubwerali: ine, bambo a Tada ndi Tadala. Masiku anayi kumalo aakulu achisangalalo, aja okhala ndi hotela mkati momwemo, madamu osambiramo ndi makina okweza anthu m'mwamba. Banja lino silinakwerepo ndege. Kutali kumene tinapitako tonse atatu ndi ku Liwonde, ndipo kunali kumaliro.

Lamulo ndi limodzi lokha: asadziwe munthu.

Si ufiti ndikuopa ayi. Ndikuopa katundu. Kuno ku Sadzi nyumba iliyonse ili ndi mwana ku Joni, ndipo mayi aliyense amakhulupirira kuti mwana wakeyo sanadye chiyambire kuchoka. Chaka chatha mnzanga wa ku ofesi anangotchula kuti akupita, ananyamuka ngati lole ya pamsika wa Songani. Sabata yonse anathera kugogoda pazipata za eni. Atabwera ndinamufunsa kuti Joni ndi wotani, akuti, "Ali ndi mageti ambiri."

Ndawalumbiritsa onse awiri. Tadala wagwira Baibulo. Bambo ake akuti, "Ine pakamwa panga ndi loko." Loko wa pageti pathu amatseguka ukangomukoka.

Esinati watumizanso kanema. Kasitima kopanda denga kakukwera pang'onopang'ono mpaka kumwamba, kenako kakugwa, kenako kakuzondoka, anthu miyendo m'mwamba, makamwa yasa. Ndaonera kasanu ndi kanayi. Ndikufuna! Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndine mlembi wa amayi a kumpingo, kuseka ndimaseka nditaphimba pakamwa. Ndikufuna kukuwa kamodzi kokha, ndi mphamvu zanga zonse, pamalo pomwe palibe wondidziwa. Ulendo wonsewu kwa ine ndi zimenezo basi.

Vuto: munthu sazondoka atavala siketi.

Nthawi ya nkhomaliro ndathamangira pakaunjika. Ndagula thalauza la jinzi, loyamba m'moyo wanga. Ndati ndi la mwana wa achemwali. Wogulitsa wandiyang'ana kuchokera m'chiuno kutsika, akuti, "Mwanayo thupi lake ndi ngati lanu lomweli, eti mayi?" Wamwano.

Lili pansi penipeni pa sutikesi, kunsi kwa thaulo. Bambo a Tada sadziwa.

Zochita sabata ino:
kulongedza
kuluka tsitsi lolimba, losamasuka ndi mphepo
kukhala chete
kuwasunga bambo a Tada kutali ndi anthu

Lachiwiri

Bambo a Tada awerenga tikiti yonse, ndi timalemba tating'ono tomwe. Akuti munthu mmodzi makilo 23, ukapitirira amakutsegulitsa sutikesi pagulu ku Chileka. Akuti iwo safuna manyazi otero, tiyeze tili kunyumba.

Mumzere wathu wonse sikelo ili ndi munthu mmodzi: Abiti Juma, ogulitsa mpunga ndi nyemba aja. Ndawaphunzitsa bambo a Tada zokanena. "Tikuyeza chimanga." Mawu awiri okha. Abwereza katatu, apita.

Abwera ndi sikelo. Kumbuyo kwa sikelo kuli Abiti Juma. M'manja mwa Abiti Juma muli jumbo.

Ndawafunsa kuchipinda kuti zayenda bwanji. Akuti ananena momwe ndinawauzira, koma Abiti anafunsa kuti chimanga chachokera kuti poti ife sitilima. Ndiye iwo anayankha kuti, "Ndi chochepa, cha m'sutikesi." Munthu woti ali ndi digiri!

Abiti akhala pampando osauzidwa. "Anzanga, musadandaule, ndi kakatundu kolowa m'thumba la malaya. Ka Yusufu wanga." Takayeza pasikelo yawo yomweyo: mpunga makilo atatu. Sindikudziwa malaya amene amavala anthu a kwawoko.

Akuti Yusufu amakhala pafupi ndi Joni pomwepo. Tadala wafufuza pafoni. Maola awiri kupita, maola awiri kubwera.

Potuluka alonjeza. "Ine sindiuza munthu, mukundidziwa." Ndikuwadziwadi. Ndaima pazenera ndikuwaona akulowa geti lachitatu, sikelo aiwala kuno.

Thalauza lili bwinobwino. Ndalisuzumira kawiri.

Lachitatu

Ku ofesi anthu akundipatsa moni wautali. Amayi otsuka makapu, amene chaka chonse amangoti "mwadzuka", lero afunsa za Tadala, za bambo ake, za mutu wanga umene unandipweteka mwezi wa Malichi. Pomaliza andinong'oneza kuti ali ndi mlongo wawo kumeneko. Ndayerekeza kuti foni ikuitana.

Masana bambo a Tada andipeza ndi galimoto, Tadala ali kumbuyo. Akuti tikupita kuphiri kukachita maphunziro. Akuti sitingakakwere makina a eni tisanadziwe amene ali ndi mutu wofooka m'banja muno, ndiye makona a msewu wa kuphiri ndiwo mayeso.

Zotsatira za mayeso:
Tadala, akudya chimanga chootcha, akupempha kuti athamangitse
ine, bwinobwino, mtima ukuvina
mphunzitsi mwini wake, waimitsa galimoto pakona yachisanu ndi chimodzi, watsika, wakumbatira mtengo wa paini

Akuti amaona ngati matayala ali bwino. Matayala ali pagalimoto, iwo ali kumtengo.

Pamwamba kukuzizira, nkhungu ikukwera kuchokera kumunsi, tauni yonse ikuoneka ngati timabokosi ta machesi. Awiriwo akukangana za komwe kuli nyumba yathu. Ine ndazemba, ndalowa m'mitengo, ndayang'ana uku ndi uku. Palibe munthu. Ndati ndiyeseko kukuwa, ndisakachite manyazi ku Joni.

Koyamba kwatuluka kamawu ngati ka nkhuku ya chitopa.

Kachiwiri ndatseka maso. Eee! Sindimadziwa kuti ndili ndi mawu otere. Phiri landibwezera, mbalame zathawa, m'chifuwa mwapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndaseka ndekha osaphimba pakamwa. Ndakondwa, ndikunena zoona, ndakondwa kwambiri.

Ndikutsegula maso, mayi ali poteropo ndi beseni la masitiroberi pamutu, ndodo m'manja.

"Amayi alembi! Ndi njoka?"

Ndi wa kumpingo kwathu, wa kunthambi ya kumtunda kuno. Ndati inde, njoka, yapita. Wafunafuna m'maudzu, kenako watula beseni. "Mulungu ndi wabwino, ndimati nditsike mawa kudzakupezani. Ndamva za ulendo."

Nkhani yakwera phiri galimoto yathu isanakwere.

Botolo la uchi, la mwana wake wamkazi. Latsekedwa ndi pepala la pulasitiki ndi mphira. Ndalinyamula pamiyendo njira yonse yotsika, likudontha.

Lachinayi

Geti silikupuma. Tadala wasanduka kalaliki, akulemba mayina pamajumbo ndi cholembera chakuda.

Zafika mpaka pano:
mpunga wa Yusufu
uchi wodontha
usipa, majumbo awiri, eni ake osiyana, fungo limodzi
ufa woyera (akuti wa ku Joni sugwira m'mimba)
nandolo
mfutso wa nkhwani
chitenje cha ukwati umene mwini wake sanabwereko
mankhwala a mizu a mwendo, okulungidwa m'nyuzipepala, akuti ndikafunsidwa ndinene kuti ndi tiyi
nsapato imodzi. Imodzi! Akuti inzake ili kale komweko.

Zotuluka m'masutikesi kuti zimenezi zilowe: nsapato zanga zakuda, jekete la bambo a Tada, madiresi awiri, chidole cha Tadala. Thaulo sindikulola kuti aligwire munthu. Ndati ndi la mwayi.

M'mawa ndinakonza mawu okanira, ndinawaloweza posamba. "Pepani, ndege ili ndi malamulo." Ndawanena bwino kamodzi, kwa bambo wina amene amafuna titenge wailesi yakufa kuti ikakonzedwe.

Kenako abwera amayi a kuseri kwa chigayo, aja oyenda ndi ndodo. Sanalowe n'komwe, aima pakhonde. Atulutsa kachitini ka chiponde, akuti asinja okha. Mwana wawo anapita Tadala ali kumsana, sanabwereko, foni amaimba pa Khirisimasi. "Mukangomuona ndi maso, mudzandiuze ngati wanenepa." Malamulo a ndege andithawa pakamwa. Ndalandira ndi manja awiri. Ndiye ndisamawanene kwambiri bambo a Tada, nanenso loko wanga ndi yemweyo.

Pakhoma pali ndandanda imene Tadala anajambula Lolemba, masiku anayi, tsiku lililonse ndi makina ake. Bambo ake aikonza ndi cholembera chofiira. Tsiku loyamba, Yusufu ndi uchi. Lachiwiri, usipa ndi ufa. Lachitatu, chiponde, mizu ndi nsapato. Latsala lachinayi, kuyambira masana. Tadala wayang'ana, sanalire, wangochotsa chithunzi cha dziwe losambira n'kuchiika m'buku lake la masamu. Zandipweteka.

Madzulo foni. Apongozi, kuchokera ku Malosa. Sanapereke moni.

"Mwana wanga akukwera ndege, ine ndimve kwa kondakitala wa minibasi?"

Akubwera mawa.

Lachisanu

Afika ndi minibasi yoyamba, ndowa pamutu. Nyemba, zodzaza mpaka pakamwa, za Limbani, mwana wawo wotsiriza amene amawotcherera zitsulo ku Joni. Thumba alibe. Akuti nyemba zipite koma ndowa ibwerere nawo ku Malosa, ndi yotungira madzi. Ndiye pabalaza pali ndowa ya nyemba, ndipo aliyense akuizungulira ngati mlendo wolemekezeka.

Kutikalipira atikalipira, mokwanira. Bambo a Tada aima manja kumbuyo ngati mwana wa sitandade 2. Ine ndapanga tiyi wa mkaka wambiri.

Atakhuta, Tadala wawaonetsa kanema wa kasitima. Aonera chete, foni ili patali ndi maso. Kasitima katazondoka afunsa, "Anthu amenewa alakwa chiyani?" Tadala wafotokoza kuti amachita kufuna okha. Ati abwereze. Abwereza katatu. Kachitatuko sakuyang'ana foni, akuyang'ana ine. Kaya nkhope yanga imaonetsa chiyani. Ndathawira kukhitchini.

Masana bambo a Tada abwera akuwala ngati apambana chisankho. Apeza nzeru! Atsegula gulu la pafoni, alowetsamo eni katundu onse a ku Joni. Ife sitiyendanso khomo ndi khomo. Aliyense adzabwere yekha kudzatenga zake, tsiku limodzi, malo amodzi: pageti la malo achisangalalo, m'mawa wa tsiku loyamba.

Masiku anga abwerera! Onse anayi! Ndawapsompsona pachipumi, apongozi akuona. Tadala wabwezera dziwe pakhoma. Mwamuna ameneyu ndinasankha bwino, digiri ija si yabodza.

Chisangalalo chandipusitsa. Ndalowa kuchipinda, ndakoka thalauza, ndalivala. Kulowa lalowa, movutikira, ndikudumphadumpha. Ndaima pagalasi. Mayi amene ali m'galasimo sindikumudziwa, koma ndamukonda. Ndakweza mwendo umodzi. Ndakweza winawo. Ndayesa kukhala pabedi n'kutukula miyendo yonse m'mwamba, kuyerekeza kuzondoka.

Chitseko chathu sichigwira bwino.

"Amake Tada, lichero lili kuti?"

Ndadzikulunga bulangete msangamsanga, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndati ndikumva kuzizira. Apongozi ayang'ana bulangete, ayang'ana kumapazi kwanga, ati, "Malungo a masiku ano," n'kutseka chitseko. Sindikudziwa chimene aona.

Loweruka

Tsiku loipa. Ndilemba mwadongosolo kuti ndisaiwale amene ndiyenera kuwakwiyira.

Choyamba, gulu la pafoni. Ndadzuka muli mauthenga osawerengeka. Yusufu ndiye wayambitsa: "Poti tafika kale pageti, bwanji tilowe nawo?" Mwana wa uchi wavomera. A usipa onse awiri avomera. Limbani akuti abwera ndi mkazi wake ndi apongozi ake. Wina akuti aphika nsima ndi ufa womwewo tidzadyere pa kapinga. Wina akufunsa ngati tingasoke yunifomu. Pofika nthawi ya kadzutsa anthu ndi khumi ndi anayi, ndipo agwirizana kuti tsiku limodzi silikwana, ena adzabwera mosinthana masiku onse anayi kuti tisasungulumwe.

Anthu khumi ndi anayi a ku Zomba. Aliyense ndi foni yojambula. Aliyense ndi mayi ake kuno.

Bambo a Tada akuti, "Ukuona? Tikakhala ngati tili kwathu." Ndawayang'ana mpaka atuluka kukatsuka galimoto yoyera kale.

Chachiwiri, amayi a kumpingo. Abwera asanu ndi mmodzi, atavala zoyera, kudzapempherera ulendo. Atsogoleredwa ndi amayi apampando, amene mwana wawo ndi mwini nsapato imodzi ija. Nyimbo ziwiri, pemphero lalitali. Apempherera woyendetsa ndege, mapiko, matayala, ngakhale mitambo. Ndimati zatha. Ayi. Amayi apampando akuti katundu walongedzedwa mwachibwana, uchi sukhala pafupi ndi ufa, abweretse masutikesi alongedze okha anthu odziwa.

Ndati musavutike. Ati si vuto. Ndati ndi zolemera. Awiri anyamula kale.

Atulutsa chimodzichimodzi pamkeka. Usipa. Nandolo. Diresi langa la buluu, aliyamikira. Mizu, ainunkhiza. Thaulo.

Amayi apampando alikweza m'mwamba ndi zala ziwiri, miyendo yake ikulendewera. Ayang'ana thalauza, ayang'ana bambo a Tada amene ndi owonda ngati bango, aona kuti angalowemo kawiri. Kenako maso onse khumi ndi awiri atembenukira m'chiuno mwanga. Ndikuganiza: ndinene za mwana wa achemwali? Onsewa akudziwa kuti achemwali anga ali ndi tianyamata tating'ono tokhatokha.

Apongozi adzuka pampando pang'onopang'ono, alilanda.

"Mwalipeza thumba langa. Ndimalifuna kuyambira dzulo."

Akhala pansi, amanga mfundo mwendo uwu, mfundo mwendo uwo, auza Tadala agwire m'chiuno mwake, ayamba kuthira nyemba ndi mbale. Mbale, mbale, mbale, mpaka ndowa yatha. Atseka zipi, amanga pamwamba ndi chingwe. "Matumba a masiku ano amang'ambika. Ili ndi lolimba, nsalu ya azungu."

Amayi onse agwedeza mitu. Mmodzi akuti nayenso ayesa nzeru imeneyi. Amayi apampando aligwiragwira, avomereza kuti ndi lolimbadi, aliika m'sutikesi ndi manja awo, aliikanso manja n'kulipempherera.

Thalauza langa lakhala m'sutikesi litatupa miyendo, ngati munthu wodulidwa pakati. Bambo a Tada akuti, "Amayi ndi anzeru, eti? Koma analitenga kuti?"

Sindinadye nkhomaliro.

Lamulungu

Alengeza kutchalitchi. Pazolengeza, pakati pa tsiku lokonza manda ndi msonkhano wa achinyamata. "Amayi alembi athu akukwera ndege mawa, akatiyimirire bwino kunja." Anthu aomba m'manja. Ndaimirira, ndagwada pang'ono, ndamwetulira nditaphimba pakamwa.

Potuluka amayi apampando andigwira dzanja. Auza kale mwana wawo kuti azindijambula paliponse, zithunzi zidzaonetsedwe kumsonkhano wa Lachinayi, amayi ena aone mmene mkhristu amayendera kunja. Ndathokoza.

Ndiye basi. Ndavomera.

Masutikesi atatu onse, sikelo ikuti 23 ndendende. Zovala zanga ndi madiresi awiri ndi zitenje zitatu, zonse zikununkha usipa. Ku Joni ndikakhala mayi wosunga zikwama pabenchi, anthu akukwera. Mwina ndikakwera timakapu tozungulira tija ta ana, nditakhala mwaulemu, mawondo pamodzi. Kukuwa ndinakuwa kale Lachitatu kuphiri, kamodzi, ndipo inali njoka. Ena sanapezepo n'kamodzi komwe.

Tadala wasangalala kuti kukhala anthu ambiri. Bambo ake akusita malaya, akuimba. Sindiwakwiyiranso, ndatopa.

Masana ndaperekeza apongozi kukakwera minibasi, ndowa yawo ili m'manja mwanga. Njira yonse akukamba za mbuzi zawo. Ine ndikufuna kuthokoza za dzulo koma sindikudziwa poyambira, poti kuthokoza ndi kuvomera mlandu. Minibasi yaima, kondakitala akukuwa za Songani ndi Malosa. Alowetsa mwendo umodzi, kenako abwerera, andikokera pafupi.

"Nyembazo mukam'patse Limbani pageti pomwepo, akhuthulire mwake. Thumba ndi lanu, musamusiyire."

Ndangoti, "Amayi, kukakhala anthu."

"Nanga chitenje ntchito yake n'chiyani? Mkati thumba, kunja chitenje. Ine ndinakwera njinga ya apongozi anu aamuna zaka makumi atatu ndi kabudula wawo mkati, Malosa yense sanadziwe." Akhala pampando, alandira ndowa, atulutsa mutu pazenera. "Chithunzi chozondokacho mudzandionetse ndekha."

Minibasi yapita.

Ndabwerera, ndaonera kanema uja kakhumi. Ndawerenga bwinobwino: kasitima kamazondoka kawiri, ndipo pansi pake pali mpanda pomwe anthu amaima n'kumajambula. Khumi ndi anayi onse akwanapo. Chitenje sichingakhale m'malo munthu ali chadodolido, zimenezo ngakhale apongozi akudziwa.

Zochita mawa:
kudzuka msanga
kubweza sikelo ya Abiti Juma
kunyamula chitenje chakuda chija, chosavuta kumasula
kuyamba kuganiza amene angalowe m'malo mwanga pa ulembi